Poizoni Wopanda Mankhwala: Nanga M'botolomo Akutigulitsa Chiyani?

Sabata ino sindinabwere ndi nthano yokoma ayi. Ndabwera ndi mkangano, ndipo amene akhumudwe andikhululukire pasadakhale, paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Mkangano wanga uli ndi anthu a mabotolo. Mukuwadziwa inu. Amakwera basi isananyamuke, kapena amaimika galimoto pageti la msika chimkuzamawu chili padenga, n'kuyamba: botolo ili limatsuka magazi, limatsuka impso, limachotsa poizoni yense amene munadya chibadwire. Masiku ano alowanso pa WhatsApp ndi pa Facebook, ati detox. Masupuni awiri m'mawa, awiri madzulo, mukatsegula m'mimba ati musadandaule, ndiye kuti zoipa zikutuluka. Ine ndine wamumsika, kukometsa malonda ndi pakamwa ndimakudziwa, ndipo si mlandu. Koma kunena kuti tomato wako ndi wokoma n'kwina, kuuza munthu kuti wamuchotsa poizoni m'thupi pamene poizoniyo ali phee momwemo n'kwinanso. Bodza lachiwirili limapha.

Kuti muone kukula kwake, sinditchula mapoizoni khumi. Nditenga mmodzi yekha, dzina lake kadimiyamu. Ndamusankha dala, chifukwa ameneyu madokotala a ku Japan, a ku Ulaya ndi a ku America, ndi zipangizo zawo zonse zija, mpaka lero alibe mankhwala omutulutsa m'thupi akakhazikikamo. Nde munthu wothira madzi a makungwa m'botolo lakale akuti iye wapeza? Tiyeni tione.

Kadimiyamu ndi chitsulo chofewa, chotuwa ngati siliva. Anachitulukira ndi katswiri wa ku Germany, Friedrich Stromeyer, m'chaka cha 1817. Chimapezeka m'miyala imodzimodzi ndi zinki komanso mtovu, moti kumene akukumba ndi kuyenga zinki, kadimiyamu sasowa. Anthu anamupezera ntchito: m'mabatire otchaja olembedwa Ni-Cd, mu utoto wachikasu ndi wofiira, pokutira mabauti ndi zitsulo kuti zisachite dzimbiri, ndi m'mapulasitiki ena. Koma m'thupi la munthu alibe ntchito ngakhale pang'ono. Bungwe la zaumoyo la WHO linamuika pa mndandanda wa zinthu 10 zoopsa kwambiri pa umoyo wa anthu, ndipo mu 1993 nthambi yake yofufuza za khansa inamuika m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. M'madzi ndi m'chakudya sanunkha, sawawa, saoneka. Madzi muwawiritse, muthiremo kolorini, iye ali momwemo. Tsoka silinunkha, amatero akuluakulu.

Nkhani imene inaulula chitsulochi inachitika ku Japan, m'chigawo cha Toyama, m'mbali mwa mtsinje wa Jinzu. Kumtunda kwa mtsinjewo kunali mgodi wa Kamioka, wa kampani ya Mitsui, kumene ankakumba zinki ndi mtovu. Zotsalira za mumgodi zinkalowa mumtsinje. Kumunsi anthu ankamwa madzi omwewo, kuphikira, ndi kuthirira minda ya mpunga. Tsono mpunga ndi mbewu yosusuka pa kadimiyamu, umamuyamwa m'nthaka n'kumusunga m'njere. Anthuwo ankadya mpunga wolima okha tsiku ndi tsiku, monga mmene ife timadyera nsima.

Kuyambira cha m'ma 1910, amayi achikulire a m'midzi imeneyo anayamba kudandaula msana ndi miyendo. Kenako kayendedwe kankasintha, munthu kumayenda mopendamapendama ngati bakha. Kenako mafupa ankangothyoka okha. Kutsokomola, nthiti thyo! Kumutembenuza pogona, mkono thyo! Msana unkaphwanyika pang'onopang'ono mpaka munthu kufupika msinkhu. Usiku wonse ankangolira kuti itai, itai, pamene ife tikanati mayo, mayo. Kulira kumeneko ndi kumene kunasanduka dzina la matendawo, itai-itai. Tangoganizani abale, matenda oti dzina lake ndi kubuula kwa wodwala.

Ndipo mukudziwa zimene anthu ankanena? Ena ankati ndi tsoka la m'banja. Ena ankati ndi kusadya bwino ndi ntchito yakalavulagaga. Mabanja ankabisa odwala m'nyumba poopa manyazi. Kukanakhala kuno, bwenzi titapeza gogo wina wosauka kumapeto kwa mudzi, n'kumuloza kuti ndi amene akuswa anzake mafupa usiku.

Amene anakana kukhala chete ndi dokotala wa m'deralo, Noboru Hagino. Matendawa anamveka kunja kwa midziyo mu 1955. Iye anaona kuti odwala akuchokera m'midzi yothirira ndi madzi a Jinzu, ndipo mu 1961, atagwira ntchito ndi akatswiri anzake, ananena poyera kuti gwero lake ndi kadimiyamu wa ku mgodi. Ambiri anamutsutsa ndi kumunyoza. Boma la Japan linadzavomera mu May 1968. Werengani zakazo nokha: kupitirira 50, amayi akulira, akuluakulu akukangana.

Chaka chomwecho cha 1968 odwala ndi mabanja awo anasumira kampaniyo. Anapambana mu 1971, kampani inachita apilo, inagonjanso mu 1972. Inalipira chipukuta misozi, ndipo inasaina pangano lolola anthu a kumunsi kwa mtsinje kulowa pamgodi ndi akatswiri awo kukayendera, zimene akhala akuchita chaka ndi chaka. Minda yoipitsidwa anachita kukwirira dothi lake pansi n'kuthira latsopano pamwamba: mahekitala 863, ntchito ya zaka 33 imene inatha mu 2012, ndalama zoposa mayeni 40 biliyoni. Odwala amene boma linawavomereza ndi pafupifupi 200, osawerengera amene anamwalira matendawa asanapatsidwe dzina. Tsono mvetsani apa. Dziko lopanga Toyota linakwanitsa kusintha dothi la minda yonseyo, koma linalephera kubwezera mwakale impso za mayi mmodzi. Nanga wa chimkuzamawu uja?

Funso limene linandidya kwambiri ndi lakuti, bwanji anali amayi? Mpunga ankadya onse, amuna ndi akazi, mbale imodzi. Koma amene ankathyoka mafupa ambiri anali amayi osiya kusamba, obereka ana ambiri. Yankho lake lili m'matumbo. Khomo limene thupi limalowetsera ayironi ndi lomwelo limene kadimiyamu amalowera. Mwa kadimiyamu amene munthu wadya, kawirikawiri amalowa m'magazi ndi pafupifupi magawo 5 pa 100 aliwonse. Koma thupi likaperewedwa ayironi limatsekula khomo lija kwambiri pofuna kutola kalikonse, ndipo mlendo woipayu amalowerera pomwepo. Ndani amene amaperewedwa ayironi? Mayi amene amataya magazi mwezi ndi mwezi, woyembekezera, woyamwitsa, wodya zosakasakaniza. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi atatu aliwonse a msinkhu wobereka m'Malawi muno, mmodzi ali ndi magazi ochepa. Zochepetsa magazi ndi zambiri, malungo ali momwemo, koma kusowa kwa ayironi ndi chimodzi mwa izo. Ndiye musaone ngati nkhaniyi ndi ya akazi a ku Japan okha.

Akalowa m'magazi, kadimiyamu amapita kuchiwindi, kumene thupi limamumanga ndi puloteni ina pofuna kudziteteza. Kuchoka apo amakathera mu impso, ndipo m'menemo ndi mmene amamanga nyumba. Kuti theka lake lokha lituluke pamatenga zaka 10 mpaka 30. Wolowa uli ndi zaka 20, ukamafika zaka 40 mwina theka lake likadali momwemo, ndipo pazaka zonsezo ukuwonjezera wina. Mwana amabadwa alibe pafupifupi konse, munthu amachita kumusonkhanitsa ngati ngongole ya katapila.

Impso zimagwira ntchito ngati mayi wopeta mpunga m'lichero: mankhusu kunja, mpunga kusunga. Zikasefa magazi, muli timachubu ting'onoting'ono timene timabweza m'thupi zinthu zofunika, monga kashiyamu, fosifeti, shuga ndi timapuloteni ting'onoting'ono. Kadimiyamu amawononga timachubu timeneti. Lichero likabooka, mpunga umatayika limodzi ndi mankhusu. Kashiyamu ndi fosifeti, zomangira mafupa, zimapita ndi mkodzo. Impso zomwezo ndi zimene zimamalizitsa vitamini D kuti agwire ntchito, nde zikadwala nayenso amafooka. Mapeto ake mafupa amafewa n'kumathyoka, ena amachita timiyala mu impso, ndipo impso zimanka zifooka. Choipa kwambiri n'chakuti kwa zaka zambiri munthu samva kalikonse. Akamadzamva kuwawa, madzi anatayika kale, ndipo madzi akatayika saoleka.

Tsopano tifike pa chithandizo, chifukwa apa ndi pamene pagona mkangano wanga.

Pali poizoni wa mwadzidzidzi. Munthu akameza wambiri nthawi imodzi amasanza, m'mimba mumapota, amatsegula. Woopsa kwambiri ndi wa utsi. M'zaka za m'ma 1960 ku Britain, pa ntchito yomanga mlatho wa Severn, amuna asanu ankadula ndi moto wa gasi mabauti okutidwa ndi kadimiyamu. Onse anadwala, mmodzi anamwalira. Utsi umenewu ndi wachinyengo, sugwetsa munthu pomwepo. Amaweruka bwinobwino, patapita maola angapo akuyamba kutentha thupi, kuphwanya, kutsokomola, pachifuwa kuthina. Kwathu kuno tinganene kuti ndi malungo kapena chimfine, n'kumugulira panado. Pamene mapapo akudzaza madzi. Munthu wotero afunika kuchipatala msanga, kukalandira mpweya wa okosijeni ndi kuyang'aniridwa, ndipo achibale amuuze dokotala ntchito imene anagwira tsikulo. Mawu amenewo akhoza kumupulumutsa.

Apa ndilankhule ndi achimwene athu owotcherera, amene amadula zitsulo zakale kuseri kwa misika yathu. Mwambo wanu womwa mkaka mukaweruka, ati uchotse utsi, ndikuudziwa. Mkaka ndi chakudya chabwino, imwani. Koma mkaka umapita m'mimba, utsi uli m'mapapo. Sizikumana. Chokutetezani ndi kugwira ntchito pamalo opita mphepo, kusadula ndi moto chitsulo chokutidwa chimene simukuchidziwa, ndi kuvala chotchinga kumphuno chenicheni, osati kansalu.

Pali poizoni wa pang'onopang'ono, wa zaka, ndipo ameneyu ndi amene alibe mankhwala. Pa mtovu alipo mankhwala okoka chitsulo m'magazi kuti chituluke ndi mkodzo. Pa kadimiyamu zinakanika. Ena mwa mankhwalawo, otchedwa BAL, amamunyamula kumene wabisala n'kukamuunjika mu impso, wodwala n'kuipiraipira, moti madokotala amawapewa pa poizoni ameneyu. Ena otchedwa EDTA angayesedwe pokhapokha munthu wangolandira kumene poizoni wambiri, asanakhazikike, ndipo nawonso ali ndi chiopsezo ku impso. Ngakhale makina otsuka magazi, amene anthu amawadikira pamzere ku Queens ndi ku Kamuzu Central, amagwira ntchito ya impso zofooka, koma kadimiyamu womangika m'chiwindi ndi mu impso samuzula.

Nanga achipatala amatani? Kumene kuli zipangizo amayeza kadimiyamu m'magazi ndi mumkodzo, n'kuyang'ananso timapuloteni tija ngati tayamba kudontha. Amamuchotsa munthu pamene akupezera poizoniyo kuti asawonjezere. Amamupatsa vitamini D ndi kashiyamu kuti mafupa alimbeko, ayironi ngati akuperewera, amasamala BP, amathandiza mafupa othyoka ndi ululu, amateteza impso pamene zafikapo. Chimenechi ndi chithandizo chenicheni ndipo chimatalikitsa moyo. Koma dokotala woona sadzakuuzani kuti wakutsukani. Amene angalimbe mtima kunena zimenezo ndi amene sanayezepo mkodzo wa munthu ngakhale mmodzi.

Mwina muti, aaa mayi, ngati botolo silichiza bola silipha, musiyeni mnzanu adye. Ayi, limapweteka, ndipo limapweteka kanayi. Choyamba, kutsegula m'mimba si kutuluka kwa poizoni. Kadimiyamu sali m'matumbo, ali mu impso. Chimene chikutuluka ndi madzi a m'thupi, ndipo kutha madzi m'thupi ndi nkhonya ina kwa impso zodwala kale. Chachiwiri, za m'botolomo sitikuzidziwa, palibe pepala lonena zimene anasakaniza ndi muyezo wake, pamene zonse zimene tamwa zimakadutsa mu impso ndi m'chiwindi momwemo. Chachitatu, botolo limachedwetsa. Mayi amene miyendo yayamba kutupa, msana ukuwawa, amataya miyezi akumwa masupuni awiriawiri, pambali akumeza burufeni ndi indosidi za pabenchi ngati mtedza, pamene mapiritsi amenewa akachuluka amawononganso impso. Chachinayi, ndipo ichi ndi chimene chimandipsetsa mtima, botolo limagoneka anthu tulo. Wosuta akuti ndisute, mawa nditsuka. Wowotcha zinyalala akuti utsi ulowe, Loweruka nditsuka. Amene wakuuza kuti poizoni aliyense amatsukika wakulanda mantha amene akanakuteteza.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza zitsamba zonse. Ngakhale LA amene timalandira kuchipatala, mbali yake ina inachokera ku chomera cha ku China. Koma chomeracho chinayezedwa, muyezo wake ukudziwika, matenda ake ndi amodzi. Chimene ndikukana ndi botolo limodzi lochiza shuga, BP, kusabereka, mphamvu za abambo ndi poizoni yense, mtengo wake wokambirana.

Tsono popeza mankhwala palibe, chatsala ndi kutseka makomo olowera. Makomowo kwathu kuno ndi ati?

Loyamba ndi fodya. Chomera cha fodya chimakoka kadimiyamu m'nthaka n'kumusunga m'masamba. Ndudu imodzi imakhala ndi maikulogalamu 1 mpaka 2, ndiye kuti galamu imodzi mutaigawa kamiliyoni. Zikumveka zochepa eti? Koma mapapo amalowetsa kwambiri kuposa matumbo, ndipo wosuta sasuta ndudu imodzi pa moyo wake. Kawirikawiri impso za wosuta zimakhala ndi kadimiyamu wowirikiza kawiri poyerekeza ndi za wosasuta. Ndipo musati chingambwe ndiye chabwino poti n'chachilengedwe. Kadimiyamu sachita kuthiridwa kufakitale, ali m'tsamba momwemo. Fodya ndi amene amabweretsa ndalama zakunja, ndikudziwa, ndipo alimi ake ndi makasitomala anga. Koma dziko lino lomwe, mu 2023, linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta. Kulima ndi nkhani ya chuma, tikambirane tsiku lina. Kusutira ana m'nyumba ndi nkhani ya bambo mmodzi ndi chikumbumtima chake.

Khomo lina lili pamabenchi athu amumsika, ndipo anzanga a malonda mundimve bwino. Mu January 2010 atolankhani a Associated Press anayezetsa timikanda ndi tizibangili ta ana totsika mtengo m'masitolo a ku America. Tina tinapezeka ndi kadimiyamu wambiri zedi, kamodzi mpaka magawo 91 pa 100. Chinachitika n'chakuti boma litakhwimitsa lamulo la mtovu, opanga ena anangosinthira ku kadimiyamu, poti ndi wotchipa ndipo amawala. Chaka chomwecho McDonald's inaitanitsa matambula 12 miliyoni chifukwa cha utoto wake. Mayiko a European Union analetsa kadimiyamu m'zokongoletsera zotere kuyambira mu December 2011. Tsono dzifunseni: olemera akatseka chitseko, katundu wokanidwayo amalowera kuti? Kuvala pakhungu si vuto lalikulu. Vuto ndi mwana, amene chilichonse chowala amachiika mkamwa, kuyamwa, kuluma, pena kumeza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Katcheni kachitsulo kosadziwika kochokera sikoyenera pakhosi pa khanda, ngakhale katakongola bwanji pa chithunzi.

Khomo lachitatu ndi moto wa kudzala. Chiphaso cha msika timalipira tsiku lililonse osaphonya, koma zinyalala zimathera pa mulu umodzi: makoko a nthochi, mapulasitiki, mabatire, zidutswa za mawailesi ndi matochi otchaja, madzulo wina n'kuyatsa. Batire la Ni-Cd likapsa, kadimiyamu amapita mu utsi ndi m'phulusa. Utsi timapuma ife ogulitsa ndi ana athu kumbuyo. Phulusa mvula imalikokolera kudambo, kumene kuli madimba a mpiru ndi chayinizi, ndipo ndiwo zamasamba zimayamwa kadimiyamu mosavuta. Mawa masamba omwewo abwerera pabenchi.

Palinso feteleza. Miyala ya fosifeti imene amapangira feteleza wokulitsa imakhala ndi kadimiyamu, ina wochepa ina wambiri malinga ndi kumene yakumbidwa, ndipo nthaka ya asidi imachititsa mbewu kumuyamwa kwambiri. N'chifukwa chake ku European Union, kuyambira mu July 2022, anaika malire a mamiligalamu 60 pa kilogalamu ya fosifeti. Sindikuti tisiye feteleza, njala ingatimalize. Ndikuti thumba lolowa m'dziko muno liziyezedwanso zimenezi, osati kulemera kokha.

Ndipo pali migodi. Ku Mae Sot, m'dziko la Thailand, cha m'ma 2004 anapeza kadimiyamu m'minda ya mpunga ya kumunsi kwa mgodi wa zinki, alimi n'kuuzidwa kuti asiye kulima mpunga wodya. Ku Guangzhou, ku China, mu 2013 anayeza mpunga wa m'malo odyera ndi ogulitsira, 8 mwa zitsanzo 18 zinapyola muyezo. Pafupi pompa, kwa abale athu ku Kabwe m'Zambia, mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomo likadali ndi mtovu wochuluka, ndipo kadimiyamu ali momwemo. Mgodi umatsekedwa, kampani imapita, dothi limatsala ndi ana. Ife tikuvina kuti migodi ikubwera, Kayelekera ku Karonga, Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe. Imeneyi si migodi ya zinki, uliwonse uli ndi zotsalira zakezake. Koma phunziro la Jinzu ndi la mgodi uliwonse: mtsinje umatsika, ndipo kumunsi kumakhala mlimi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikudziwa ena mukuti, mayi inu, tili ndi malungo, kolera, njala, mitengo ya zinthu yakwera, nde mutiopseze ndi chitsulo chosaoneka? Yankho langa ndi ili. Malungo ali ndi LA. Kolera ali ndi thanzi ndi diripi. Kadimiyamu alibe chilichonse, ndipo chinthu chopanda mankhwala chimatchipa nthawi imodzi yokha, chisanalowe. Japan inalipira mabiliyoni poti inali nawo. Ife tingakwanitse kusintha dothi la ku Karonga kapena la m'mbali mwa nyanja ya Chilwa? Wosauka ndi amene ayenera kusamala kwambiri, chifukwa alibe ndalama zokonzera. Ndiponso sindikuti muleke kugula kilombero, ayi ndithu, guleni, phikani, ndi wathu. Ndikuti tiuteteze ukadali wabwino.

Nde zimene ndikufuna ndi izi, ndipo si zapatali. Muyezo ulipo kale: WHO imati madzi akumwa asapyole maikulogalamu 3 pa lita, ndipo muyezo wa mayiko onse wa mpunga wopuntha ndi mamiligalamu 0.4 pa kilogalamu. Mabungwe tili nawo. A Malawi Bureau of Standards ayeze tizibangili, zidole ndi feteleza polowa pa Mwanza, pa Dedza, pa Mchinji ndi pa Songwe, zotsatira zake zilengezedwe pawailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kuti ine wopikula ndidziwe choti ndisapikule. A MEPA, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, aonetsetse kuti madzi ndi dothi la pafupi ndi mgodi zayezedwa ntchito isanayambe, ndipo manambalawo mfumu ndi anthu ake akhale nawo m'manja. Anthu a kumunsi kwa mtsinje apatsidwe ufulu wolowa kukayendera ndi akatswiri awo, monga a ku Toyama, koma ife tiupeze maliro asanachitike. A PMRA, oona za mankhwala, amufunse aliyense wonena kuti amatsuka poizoni kuti aonetse umboni, akalephera achotse mawuwo pabotolo ndi pawailesi. Nawonso eni mawailesi, ndalama ya malonda otere ndi ya magazi, aiganizire.

Ife eni ake tili ndi gawo lathu, ndipo silifuna bajeti. Fodya asiyidwe, kapena achoke m'nyumba. Mabatire otchaja akatha asaponyedwe pamoto kapena m'dimba, asungidwe padera pouma. Mwana asayamwe zitsulo zowala. Mayi woyembekezera amwe mapiritsi a ayironi a kusikelo osawabisa pansi pa mphasa, ndipo pakhomo pasasowe usipa, matemba, nyemba, bonongwe ndi chisoso, poti thupi lokhuta ayironi, zinki ndi kashiyamu limatsekako khomo lija. Ndalama ya botolo mugulire usipa, mwachita bwino kakhumi. Mayi wachikulire akamadandaula mafupa, kapena fupa likathyoka popanda kugwa kwenikweni, apite kuchipatala akamuone impso, tisathamangire kuloza anthu zala.

Ndipo inu alembi a m'gulu muno, amene mumatha kulemba za chikondi mpaka munthu kugwetsa misozi, cholembera chanu chikufunikanso kuno. Ku Toyama zinatengera dokotala mmodzi wouma mutu, alimi osatopa ndi khoti, ndi anthu olemba, kuti kulira kwa amayi aja kumveke ku Tokyo. Iwo anadikira zaka zoposa 50 chifukwa panalibe amene ankadziwa chimene chikuwadya. Ife tikudziwa dzina lake, makomo ake, ndi kuti mankhwala ake kulibe. Tikadzakhala ndi matenda otchedwa mayo-mayo m'dziko muno, sitidzanena kuti sitinauzidwe.

Sabata yabwino nonse. Amene sakugwirizana nane abwere ndi umboni, tikambirane.